Lipoti la ntchito: drysuit yomwe ma seal ake anathera mu galaja osati mmadzi

Suti inabwera pa shopu yathu kuno ku Cape Town ili mu chikwama chake, pa kakhadi ka ntchito mnzanga wa pa kauntala atalemba mau ochepa chabe, akuti ikulowa madzi pakhosi ndi mkono wamanzere, sinthani seal ya pakhosi basi. Eni ake ndi amayi ena ojambula zithunzi pansi pa nyanja, amakonda kudaiva mbali ya Atlantic uko ku Oudekraal ndi ku Hout Bay komwe kuli nkhalango za kelp, zomera zitalizitali za pansi pa nyanja. Sutiyo ndi ya trilaminate, nsalu yake ndi yophatikiza katatu, nayiloni kunja, labala wa butyl pakati, nayiloni winanso mkati. Zipi yachitsulo yodutsa chopingasa pachifuwa, nsapato zomatidwa pompo, valavu yolowetsera mpweya pachifuwa, ina yotulutsira pa mkono wamanzere kufupi ndi phewa. Ma seal onse atatu, timalabala totseka madzi kuti asalowe mu suti, ya pakhosi ndi awiri a mmanja, anali a labala wa latex.

Ndifotokozeko pang'ono chifukwa ena simunaionepo drysuit, paja kwathu ku nyanja ya Malawi madzi amangokhala ofunda chaka chonse, cha mma 23 mpaka 28 digiri, nde odaiva a ku Cape Maclear kaya ku Nkhata Bay ka wetsuit kopyapyala, suti yolola madzi kulowa mkati, kamawakwanira. Kuno ai. Mbali ya Atlantic kumadutsa madzi ozizira a Benguela, ndipo chodabwitsa nchakuti amazizira kwambiri nyengo yotentha, mphepo ya southeaster ikaomba imakankhira madzi a pamwamba kutali ndi gombe, a pansi aja nkukwera, mpaka kufika madigiri 9 kapena 10 kumtunda dzuwa likuswa mtengo. Madzi amayamwa kutentha kwa thupi kuposa mpweya ka 20 ndi kuposera, nde munthu wojambula yemwe amakhala malo amodzi phee kudikira kansomba kuti katembenuke, wetsuit siimuthandiza nthawi yaitali. Mu drysuit munthu amavala zovala zofunda mkati ndipo safunika kunyowa olo pang'ono. Koma suti yonseyo, kudula konseko, chomwe chimatseka madzi pakhosi ndi mmanja ndi kalabala kopyapyala kokhuthala mwina milimita imodzi.

Ine suti ikafika sindiyambira pomwe mwini wake waloza, ndimaiyala yonse pa tebulo nkuiyendera kuyambira kukhosi mpaka kunsapato. Seal ya pakhosi inali itang'ambika kuchokera mmphepete kutsika masentimita atatu kapena anayi, ndipo wina wake kunyumbako anayesa nzeru zake, anadula chigamba cha chubu cha njinga nkuchimata ndi superglue. Superglue akauma amalimba gwaa pomwe latex ntchito yake ndi kutanuka, nde mutu ukamadutsa labala amakokeka mozungulira malo ouma aja nkuyamba kung'ambika mmbali mwake, mng'alu umodzi unabala iwiri. Koma nkhani yaikulu sinali imeneyo. Nditaikoka seal ija pang'onopang'ono pa kuwala, paliponse panatuluka timing'alu ting'onoting'ono tosaoneka labala akakhala osakokedwa, makamaka kumunsi komwe imapindika pokumana ndi nsalu. Ya dzanja lamanja inali itayamba kunanda, ukaigwira ikukakamira ku zala, mmphepete mwake mukumatana mokha. Ya kumanzere poiona inali bwinobwino koma nditaikoka sinabwerere msanga, inatsala yotambasuka. Apa nde ndinadziwa kuti za seal imodzi zija sizitheka, ndi onse atatu.

Latex ndi utomoni wa mtengo, womwe uja amaugoba ku Vizara ku Nkhata Bay anyamata nkumagulitsa mipira yake mmbali mwa msewu, nde imakalamba ngakhale usaigwiritse ntchito, ndipo kafedwe kake nkapawiri. Dzuwa ndi mpweya wa ozone zimaiumitsa nkuing'ambang'amba, pomwe mafuta ndi kutentha zimaisungunula nkuinanditsa, mafuta a mthupi, odzola oteteza kudzuwa, oingitsira udzudzu, petulo, zonsezo. Suti imeneyi inali ndi matenda onse awiri nthawi imodzi, nde ndinawaimbira amayi aja kuwafunsa kuti kodi sutiyi imagona kuti. Anati mu galaja pa hang'ala. Nditafunsa kuti mu galajamo muli chiyani china, akuti jenereta yomwe anagula nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, load shedding yoopsa ija ya 2022 ndi 2023, amailizira pakhomo pa galaja pomwepo, zigubu za petulo zili momwemo, ndipo pali kawindo komwe dzuwa la masana limalowera mpaka pomwe suti imapachikidwa. Basi yankho linapezeka. Makina a magetsi omwe amathetheka mkati akamazungulira amatulutsa ozone, onjezani fungo la petulo, kutentha kwa mu galaja ndi dzuwa la pawindo, ma seal aja anathera pa hang'ala, mmadzi anangokamalizika.

Funso lina lomwe ndimafunsa kasitomala aliyense ndi loti munapoperapo chiyani pa sutiyi. Ambiri amayankha kuti palibe, kenako nkukumbukira. Awa anati ee ndimapopera silicone spray pa zipi ndi pa ma seal kuti zizilowa mosavuta, wina anawauza kuti amateteza labala. Mtima unangoti zii. Silicone ndi mdani wa guluu, akalowerera mu nsalu palibe chomwe chimagwirapo bwino, ndipo saoneka ndi maso, umangoona tepi yomata ikukana kugwira pa nsalu. Ndinayesa pa mkono wa sutiyo, tepi inangogwa yokha. Nde ndinawauziratu kuti ntchitoyi itenga nthawi kuposa ya masiku onse ndipo kumapeto kwa sabata ino asaiwerengere, anadandaula pang'ono chifukwa mphepo inali itayeretsa madzi koma anamva.

Ndisanachotse kanthu ndimayamba ndayesa suti yonse ngati ikutaya mpweya kwina, kuopa kumata ma seal atsopano kenako kasitomala nkubwera wonyowabe nkumati ntchito yanga ndi yabodza. Ndinamanga ma seal akale aja ndi zingwe za labala, kutseka zipi mpaka kumapeto, kutseka valavu yotulutsira mpweya, kulumikiza paipi ya ku silinda ya mpweya nkuipopa mpaka itafufuma, osati kuikhwimitsa kwambiri ai, kenako kuwaza madzi a sopo paliponse. Thovu linatuluka malo awiri omwe pa kakhadi paja panalibe. Pakamwa pa valavu ya ku phewa pankatuluka tithovu mosalekeza ngakhale inali yotseka, ndipo mkhwapa lamanzere pa msoko panali kabowo konga ka singano. Zipi inali bwino, youma chabe ndi tiulusi tothothoka cha kumapeto kwake. Ndinazungulitsa choko malo onse awiri.

Za mtundu wa seal yoti tiike tinakambirana kanthawi ndithu. Iwo anamva kwa anzawo za silicone, yoti sionongeka ndi dzuwa kapena ozone, ndi yofewa pakhosi, ndipo ikang'ambika umasintha wekha pa boti. Zonsezo nzoona. Koma seal ya silicone siimatika ndi guluu, pamafunika kumatira kaye mphete ya pulasitiki pa suti, ngati zija za Si Tech za ku Sweden, seal nkumalowa mu mpheteyo. Mphete ya pakhosi ndi yotakata ndithu, ndipo amayi awa ndi ochepa thupi mapewa ang'ono, ikanamawatsamira pa mafupa a mapewa ndi kulimbana ndi malamba a chonyamulira silinda, komanso silicone ikangoyamba kang'alu imang'ambika kamodzinkamodzi mpaka pansi. Ya neoprene, labala yemwe amapangira ma wetsuit, ndi yofunda ndipo imakhalitsa koma pa khosi lowonda imavuta kutseka bwino, mutu ukatembenuka madzi amapeza njira. Ine ndinawalangiza kuti tibwerere ku latex, angosintha kosungira. Kwa munthu yemwe latex imamuyabwa pakhungu bwenzi ndikulankhula zina.

Kuchotsa zakale. Pali njira yachidule yomwe anthu opalasa timabwato ta kayak amaikonda, umadula seal yakale nkusiya chitsa cha masentimita awiri kapena atatu, yatsopano nkuimatira pa chitsacho ndi guluu wa Aquaseal, ndipo imagwira bwino zedi ngati labala wotsalayo akadali wamoyo. Apa sizikanatheka, labala anali atafa mpaka pa nsalu, kumatira pamenepo nde kuti yatsopano idzachoka pamodzi ndi chitsa chake. Nde ndinatenga choumitsira tsitsi, osati heat gun ija yochotsera penti chifukwa imeneyo ukangoyang'ana kumbali yasungunula nayiloni ndi kumatula tepi ya mmisoko, ndinafunditsa kagawo kakang'ono guluu nkufewa, kusenda, kufunditsa kena, kusenda, choncho mpaka kuzungulira. Ya kumanzere inachoka yathunthu. Ya kumanja yonanda ija inkangoduka tizidutswa, ndinachita kuikokolola ndi chala chovala golovesi pamodzi ndi kansalu konyowetsa ndi toluene, mankhwala osungunula guluu. Guluu wakale wa ku fakitale yemwe wagwira nsalu zolimba sindimuchotsa, ameneyo ndi maziko abwino, ndimangochotsa yekhayo amene akusendeka kapena wapanga zibuma.

Toluene ameneyu si wocheza naye, chitseko chikhale chotsegula, fani ikuzungulira, magolovesi mmanja, chotchinga pamphuno cha mankhwala osati kansalu ka fumbi, ndipo wosuta fodya akasutire kutali. Komanso osamuthira ngati madzi, akalowerera kwambiri amamasula tepi ya msoko ndi kufewetsa butyl wa pakati uja.

Tsopano pa silicone paja ndi pomwe panadya nthawi yambiri ndipo ndi pomwe ntchito yonse imapambanira kapena kulephera. Ndinatsuka kukamwa kwa mikono ndi kozungulira khosi ndi madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kutsukuluza, kuumitsa, kenako kupukuta ndi mankhwala aja, koma kupukuta kwake nkopita mbali imodzi ndipo kansalu kakadutsa kamodzi umakatembenuza kapena kutenga kena, ukamangozungulizazunguliza ndi kansalu komweko ukungomwaza silicone yemweyo malo onse. Kubwereza mpaka tepi itayamba kugwira. Kenako sandipepa pang'ono pa guluu wakale uja kuti achite nkhakha, osafika pa ulusi wa nsalu, nkupukutanso. Ngakhale zinatero sindinakhulupirire maso anga, ndinadula kachidutswa ka latex ku seal yakale ya suti ina, nkukamata pa mkono pamalo pomwe padzaphimbike, nkukasiya kagone. Mmawa mwake ndinakakoka, kanakana kuchoka mpaka labala anatambasuka kufuna kuduka. Kakanangosendeka phwee bwenzi ndikuyambiranso kutsuka. Anthu ambiri akaona seal yawo yamatuka amanyoza guluu, amafunsa kuti kodi guluu wamphamvu ndi uti, koma mwa ma seal omatuka omwe amafika pa tebulo langa ambiri guluu amakhala alibe mlandu, umapeza wachoka yense woyera mbali imodzi kusonyeza kuti sanagwire nkomwe kuyambira tsiku loyamba.

Seal yatsopano nayonso imabwera ndi zake, paudala ndi mankhwala omwe amathandiza kuichotsa mu chikombole ku fakitale. Ndimayamba ndaikoka pa kuwala kuona ngati siinakalambire mu sitolo, kenako malo omatira aja kupukuta, kukwecha ndi sandipepa mpaka kunyezimira konse kutatha, kupukutanso, ndipo kuchokera pamenepo chala chisagundepo.

Guluu yemwe ndinagwiritsa ntchito ndi wa contact wosakaniza pawiri, wa mtundu wa Bostik 2402 yemwe amamatiranso maboti opopa, umathira kamankhwala kolimbitsa pang'ono malinga ndi muyezo wolembedwa pa chitini, kutakasa bwino, ndipo ukasakaniza ndi wa tsiku lomwelo, wotsala ndi wotaya. Amene munamatapo chubu cha njinga mfundo yake mukuidziwa kale, umakwecha, umapaka sulushoni mopyapyala, umadikira aume kaye nde nkuika chigamba, ukafulumira kuphatika akadali wamadzi chigamba chimayandama. Kusiyana kwake nkwakuti apa umapaka mbali zonse ziwiri ndipo kangapo. Pa nsalu ndinapaka katatu, koyamba nsalu imangomwa nde umasiya mpaka kuumiratu mphindi 30 kapena kuposa, kachiwiri chimodzimodzi, komaliza umadikira mphindi zochepa chabe mpaka ukagunda ndi kumbuyo kwa chala zikugwira koma osatsalira pa khungu. Pa latex kawiri. Nyengo nayo imalowererapo, tsiku la chinyezi ngati masiku a mvula a June ndi July kuno, mankhwala a mu guluu akamauluka amaziziritsa pamwamba pake chinyezi nkukhalapo, umaona guluu wachita mbuu ngati mkaka, ameneyo sagwira. Ife inali nyengo ya mphepo youma nde tinalibe vuto limenelo.

Mikono ndi yosavuta ukakhala ndi chikombole choyenera. Ndili ndi zidutswa za mapaipi a PVC za misinkhu yosiyanasiyana, ndimasankha yomwe ikulowa mu mkono wa suti mothina kuti nsalu itambasuke popanda khwinya, ikakhala yokhwepa ndimaikulunga tepi mpaka ikwane. Pa suti iyi ma seal a mmanja amakhala kunja kwa nsalu. Nde ndinazungulitsa tepi pomwe guluu akuyenera kulekezera, kuveka seal pa paipi mpaka pamalo pake penipeni, kenako kupinda kumunsi kwake chobwerera kuti mbali yomatira iyang'ane kunja. Kupinda kumeneku kuli ndi chifukwa, latex ikangolawa guluu imafufuma nkudzipiringiza yokha, ikakhala mmanja imamatana usanaifikitse nkomwe pa suti, koma ikakhala yokokeka pa paipi ilibe kothawira. Guluu atafika pomwe ndimafuna, ndinaigubuduza pang'onopang'ono kubwerera pa nsalu mozungulira mofanana, chifukwa guluu wa contact akagundana wagundana, palibe zosuntha. Kenako kutsindira ndi karola kachitsulo mwamphamvu kuchokera pakati kupita mmphepete kuti mpweya usatsalire. Pomwe msoko wa mkono umadutsa pansi pa seal pamakhala kachitunda, mmbali mwake mumatsala kanjira kopyapyala komwe madzi amakakonda kwambiri, pamenepo ndimatsindira ndi nsonga ya chogwirira cha supuni ndipo pambuyo pake ndimadontheza Aquaseal pang'ono mmphepete.

Khosi nde limafuna mtima pansi. Pa suti iyi seal ya pakhosi imamatidwa mkati, nde ndinaitembenuza, kulowetsa thabwa lozungulira pansi pa bowo la khosi, kukoka nsalu kuti igone fulati nkuipana ndi zopanira, misoko ya mmapewa ikukana monga mwa masiku onse. Seal yatsopano ndinaimata pa mphete ya pulayiwudi ndi tepi yomata mbali ziwiri kuti mphepete mwake musapiringizike, ndipo ndisanapake kanthu ndinaiika pamalo pake youma nkulemba zizindikiro zinayi, kutsogolo, kumbuyo ndi mmapewa, pa seal ndi pa nsalu pomwe. Ma seal ena bowo lake silikhala pakati penipeni, ali ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ukatembenuza kasitomala amayenda ngati wina akumukoka kukhosi. Poiika ndinamuitana mnzanga kuti aziyang'ana zizindikiro za mbali yake, tinatsitsa pamodzi, kutsindira, kuchotsa mphete ija, karola kuzungulira mpaka mkono kuwawa, kenako tepi ya labala pamwamba pa mphepete monga inalili kale.

Guluu akuuma ndinamasula valavu ija. Munali mchenga ndi ubweya wa chovala chamkati zitakhala pa kalabala kotseka, nde sikankakhala bwino pampando pake. Kutsuka ndi madzi ofunda a sopo, kuyang'ana ngati kalabalako sikanapindike, kubwezera, kumanga bwino. Sindinasinthe kanthu mmenemo ndipo sindinalipiritse kupatula nthawi. Kabowo ka mkhwapa ndinakatseka chamkati, kupukuta, kupaka Aquaseal malo okula ngati ndalama yachitsulo, ameneyu payekha amauma maola 8 mpaka 12 ndipo amayenderera, nde malowo ayenera kugona fulati usiku onse. Ma seal ndinawasiya maola 24 osawakhudza, kenako kuyesanso ndi mpweya, kutseka ndi chidebe chaching'ono pakhosi, mabotolo mmanja, madzi a sopo. Palibe thovu olo limodzi, ndipo suti inakhala yofufuma osaphwa. Kulowa nayo mmadzi ndimati padutse maola 48 kapena kuposa, guluu wosakaniza uja amapitiriza kulimba kwa masiku angapo.

Kudula seal ya pakhosi sindichita mwini wake palibe. Imabwera ndi bowo laling'ono dala, ili ndi timizere tozungulira toti uzitsatira podula. Khosi la amayi aja ndi masentimita 34, ine ndimafuna bowo likhale locheperapo ndi 15 peresenti kapena chapompo, nde ndi cha mma 29, ukaigoneka fulati nkuyeza pakamwa pake ikhale 14 ndi theka. Koma manambala ndi poyambira chabe, sindidula kufika pamenepo kamodzi, ndimadula mzere umodzi, avale, akhale nayo mphindi 10 kapena 15 akuyendayenda, tione. Kudula kumatheka kubwereza, kubwezera ai. Sizasi ikhale yaitali yakuthwa yosadulira china chilichonse, ndipo mdulidwe ukhale wosalala, kakhwawa kakang'ono kotsala mmphepete ndi pomwe mng'alu udzayambire. Poyamba nkhope yawo inafiira, mitsempha ya pachipumi kutuluka, mau kusintha, ndinawavula msanga. Anthu ena amaganiza kuti yothina kwambiri ndi yomwe imatseka bwino, nde amapirira, koma mmbali mwa khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi ku mutu, ndipo pamenepo pali malo oti akafinyika thupi limaganiza kuti magazi akuthamanga kwambiri nkuchepetsa kugunda kwa mtima, munthu atha kuchita chizungulire mpaka kukomoka, tangoganizani zimenezo zikuchitika mamita 20 pansi pa madzi. Yokhwepa nayo imatulutsa mpweya pakhosi munthu akaimirira nkulowetsa madzi akayang'ana mmwamba. Tinatsika mzere ndi mzere mpaka pomwe anati akuimva koma siikuwatsamwitsa, chala chimodzi chikulowa movutikirako pang'ono. A mmanja sanafune kudula.

Atapita nayo kunyanja anatumiza uthenga pa WhatsApp, chifuwa ndi msana zouma kwa nthawi yoyamba pa nthawi yaitali, mkono wamanja wouma, koma wamanzere wanyowabe kuyambira padzanja mpaka cha pachigongono. Suti inabweranso. Ndinaipopa, sopo pa seal, pa msoko, pa valavu, mkhwapa, palibe kanthu. Ndinatembenuza mkono uja nkuthiramo madzi, kudikira, palibe dontho. Suti ikakhala yabwino pa tebulo koma ikunyowetsa mmadzi nde kuti vuto lili pa kavalidwe kapena pa thupi la wovala. Choyamba ndinafunsa za kachingwe ka chovala chamkati kokoleka ku chala chachikulu, kameneka kakatsalira pansi pa seal kamakoka madzi, anati amakabweza mkati nthawi zonse. Nde ndinawapempha avale suti agwire kamera yawo mmene amaigwirira mmadzi. Kamera yake ili mu chibokosi cholemera cha magetsi awiri mmbali, dzanja lamanja limangodina batani, lamanzere nde limanyamula zonse litafumbata chogwirira zolimba ndi kupindikira mkati. Atangofumbata, mitsempha iwiri ya kunsi kwa dzanja inadzuka njoo, pakati pake nkupanga kangalande, ndipo seal inali itakhala pamwamba pa kangalandeko ndendende, ndinalowetsa kamtengo ka machesi osakankha.

Mankhwala ake analibe guluu. Ndinawaonetsa kuti azikokera seal kumtunda, zala ziwiri kupitirira fupa lotuluka lija la pomwe timavala wotchi, kumeneko mkono ndi wonenepako ndipo mitsempha imakhala italowa mu mnofu, komanso aziyala labala kuti agone pakhungu masentimita awiri kapena atatu osati kungogunda ndi kamphepete kokha. Ndinawauza kuti zikakanika chotsatira ndi magolovesi osalowa madzi a mphete, pamenepo kangalande kaja sikakhalanso ndi ntchito. Ulendo wotsatira anakadaiva ku False Bay pa zombo zomizidwa za ku Smitswinkel Bay, mamita opitirira 30, anabwera ouma mikono yonse.

Pa kakhadi kobwezera suti ndinalemba kuti ichoke mu galaja ikakhale mu kabati ya mnyumba mwamdima mozizira, kutali ndi jenereta, petulo ndi makina a magetsi. Akachoka kunyanja aitsukuluze ndi madzi abwino, ma seal awasambitse ndi sopo wofatsa kuchotsa mafuta a mthupi, iumire pamthunzi, kenako paudala wa talc wopanda fungo chifukwa wonunkhira uja amakhala ndi mafuta. Mafuta oteteza kudzuwa azidzola atavala kale suti kapena asambe mmanja ndi mkhosi asanavale, mawotchi, ndolo ndi mphete zichoke kaye. Silicone spray ayi ndithu, zipi azipaka phula lake kunja kwa mano ndipo posunga ikhale yotsegula osapindidwa mothyola. Tiulusi ta pa zipi tija ndinatidula nkupsereza nsonga zake, koma labala wake wayamba kupyapyala cha kumapeto komwe imapindikira pa chiuno, nde ndawauza kuti akaona dontho mbali imeneyo asayese kumata okha, aibweretse, kusintha zipi kumadula kuposa ma seal onse atatu kuphatikiza nde ayambiretu kusunga ndalama yake.